Thandizeni: zithunzi za sitima yamalasha zada bii, komanso ndiikemo utsi kapena ndisiye?

wa25_Nsungwi

Moni akuluakulu nonse mmenemu. Ine zojambulazi ndangoziyamba chaka chathachi, khazeni wanga wa ku Joni ananditumizira ka Canon kakale ka 1100D ndi lens yake ija ya 18-55, ndiye ndimangojambula ana pakhomo, mbuzi za aneba, basi chilichonse chomwe chaima phee. Sabata yathayi ndinali ku Blantyre ku chinkhoswe cha asisi anga, ndiye tsiku loti mawa mwambo ndinazemba ntchito yosenda anyezi nkupita kukaona sitima zamalasha zija zili panja pa museum ya Chichiri, poti chibadwire kuno ku Lilongwe sindinaonepo mutu wa sitima wotero, timangoona za dizilo ku Kanengo.

Ndinafika cha mma 12 koloko dzuwa lili paliwombo, ndinajambula zithunzi zoposa 60 mtima uli mbee kuti ndaphula. Kufika kuno kuziika mu laputopu, mayo ine. Kumwamba kwayera mbuu ngati pepala, pomwe kunsi kwa sitima komwe kuli mawilo ndi zitsulo zokankha zija, komwenso ndimafunitsitsa kutaoneka, kwada bii ngati mu mphika. Ndayesa kukweza shadows, malo amdimawo, mu app yoeditira zithunzi ya Snapseed koma kukungotuluka timadontho ngati wina wawazapo mchenga. Ndinadutsanso pa tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI paja, nachonso chatuluka chopendekeka ngati chikufuna kugwa chagada.

Mafunso anga ndi awiri. Loyamba, zimenezi zingakonzeke kapena ndingofufuta? Lachiwiri, mnzanga wina akuti ndiikemo utsi pa chumuni cha sitimayo ndi app kuti izioneka ngati ikuyenda, ndichotsenso mawaya amagetsi pa tchalitchi paja. Ndikufuna nditsukitse chimodzi chachikulu ndipachike pa balaza, mwinanso ndiponye pa Facebook. Kodi kutero nkulakwa?

kamera_ya_ku_Kawale

Aise takulandira, koma poyamba ndikufunse, unajambula RAW, failo yosunga zonse zomwe kamera yagwira, kapena JPEG, chithunzi chomwe kamera yakonza nkufinya kale? Chifukwa ngati ndi JPEG ndiye pepa, kumwamba komwe kwayera mbuu kuja mulibemo kanthu, kamera inataya kale, ngakhale utsitse highlights, malo owalawo, mpaka pansi ungopeza kotuwa ngati phulusa. 1100D imajambula RAW bwinobwino, lowa mu menu pa quality usankhe RAW+L, memori khadi izidzadza msanga inde koma mu failo ya RAW mumatsala zambiri zoti nkuzipulumutsa, makamaka mbali yamdimayo.

Vuto lako lenileni si editing ayi, ndi nthawi yomwe unapita. 12 koloko dzuwa limachokera pamutu, ndiye thupi la sitima limaphimba mawilo ake omwe, ngati munthu wovala chipewa chachikulu nkhope siioneka. Ife ojambula maukwati timalimbana nazo Loweruka lililonse, mkwatibwi wavala zoyera mbee mkwati suti yakuda, akutuluka mu tchalitchi masanasana, kamera imangosokonezeka osadziwa amvere ndani. Chitsulo chachikulu ngati chimenecho chimafuna dzuwa la mmbali, mmawa lisanakwere kapena cha mma 4 kumadzulo, kuwala kumalowa kunsi nkugunda mawilo, timisomali tonse ta pa boila timaoneka kamodzikamodzi. Komanso ino ndi October man, kumwamba kwadzadza fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire, olo kamera ya mamiliyoni ikupatsa thambo lotuwa lomwelo. Dikira mvula igwe kawiri katatu uone mmene mitambo imakhalira.

Ukadzapitanso ika pa Av (pomwe umasankha wekha kukula kwa bowo la lens), bowolo pa f/8, ISO (mphamvu yomwe kamera imakwezera kuwala) 100 kapena 200, gwada pansi kamera ikhale molingana ndi mawilo, osaopa fumbi pa thalauzi. Ukajambula yang'ana histogram, ka girafu koonetsa kuchuluka kwa kuwala ndi mdima, osati ka screen kokha, padzuwa ka screen kamanama. Mchenga ukuuonawo ndi noise, imabwera ukamakakamiza malo amdima kuti awale.

Za tchalitchizo nzophweka. Unaima pafupi nkukweza kamera mmwamba kuti nsanja zikwanemo, ndiye mizere yonse yoongoka imakakumana kumwamba. Bwerera mmbuyo, zuma pang'ono, kamera ikhale yoongoka, siya malo ambiri mmbali. Kenako mu Snapseed momwemo muli Perspective, ukokere mpaka makoma aime njii, koma osapyola muyezo chifukwa nyumba imayamba kuoneka ngati bokosi lotambasuka kumutu. Pa laputopu tsitsa darktable, ndi yaulere, imatsegula RAW, kungoti tsiku loyamba imazunguza mutu. Ndipo potumiza ku situdiyo kokatsukitsa usatumize pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, imachifinya, tumiza ngati document kapena pita ndi flash.

mwana_wa_njanji

Mwanawe, za mabatanizo akuuzani anzanuwo, ine sindizidziwa, foni inonso amandikonzera ndi adzukulu. Koma za utsizo ndiyankhulepo.

Bambo anga anagwira ntchito ya panjanji ku Limbe, anali wothira malasha mu injini. Ndikukumbuka ovolosi yawo mayi akuichapa pa mwala, madzi amada bii kachiwiri kachitatu, ndipo mmapewa munali timabowo ting'onoting'ono totenthedwa ndi timoto tothetheka kuchokera ku chumuni. Akabwera kunyumba fungo la malasha ndi oilo limayamba kulowa ndi ilo iwo asanafike pakhomo. Ndiye mukati mutenge utsi wa mu app muike pa sitima yomwe moto wake unazima ine ndili mnyamata, mtima wanga sukuvomera.

Komanso anthu oikawo amalakwitsa poti sadziwa kuti pa chumuni pamatuluka zinthu ziwiri. Pali utsi wa malasha, wakuda, ndiye pali nthunzi, yoyera. Moto umawiritsa madzi mu boila, nthunzi imapita ku masilinda kukakankha mapisitoni, mapisitoni nkukankha zitsulo zomwe zikuzunguza mawilo, ikatha ntchito nthunziyo imathamangitsidwira ku chumuni ndipo potuluka imakoka mpweya kuti moto uyake kwambiri. Phokoso lija la tchu tchu tchu ndi limenelo, kanayi wilo likazungulira kamodzi pa injini ya masilinda awiri. Bambo amati wothira malasha wodziwa ntchito satulutsa chiutsi chakuda kwambiri, chimenecho ndi chizindikiro choti wathira mopyola ndipo malasha akungowonongeka. Ndiye chiutsi chakuda chomwe achinyamata mumachikonda pa zithunzicho, kwa eni ntchito chinali chamanyazi.

Mudziwenso chomwe mwajambulacho. Njanji yoyamba inachokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, nkufika ku Blantyre mu 1908. Mitu iwiri yoyambirira inali Thistle ndi Shamrock, yopangidwa ndi kampani ya Bagnall ku England, timitu tating'ono ta mawilo asanu ndi limodzi tonyamula tokha madzi ake mmatanki. Mlatho wa pa Zambezi wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935, chaka chomwechonso njanji inafika ku Salima. Kuno ku Lilongwe inachedwa, inafika mu 1979, Mchinji 1980, nthawi imeneyo zamalasha zitapuma kale, nchifukwa chake inu obadwira kuno simunazione. Jambulani dzimbiri lakelo, jambulani udzu womera pansi pake, ndi mmene ilili lero. Mdzukulu wanu akadzaona utsi pa chithunzicho adzauza anzake kuti agogo anaona sitima yamalasha ikuyenda, bodza nkukhala mbiri ya pabanja.

Nachisale_47

Bambo mwana_wa_njanji zikomo, za chiutsi chakudazo sindimadziwa ndithu, ndaphunzirapo. Koma mundilole nditsutseko pang'ono mwaulemu. Ine ntchito yanga ndi yopanga ma poster ndi makalendala, Photoshop ndimadyera momwemo, ndiye sindinganene kuti kuedita ndi tchimo kkkk. Kwa ine nkhani ndi yoti chithunzicho ukuchitcha chani. Ngati achimwenewa akufuna chokongoletsa pa balaza, aike utsi, aike mwezi, aike ndi nyerere zomwe, khoma ndi lawo. Koma pa Facebook pokha alembe poyera kuti ndaedita, chifukwa tikudziwana a Malawi, mawa lomwe wina achitenga, achisandutsa black and white nkulemba kuti Limbe 1950, magulupu onse a WhatsApp chizungulire, azakhali anu omwe akutumizirani inu mwini wake.

Mawaya ndiye ine ndimachotsa osaphethira, bola akhale pa thambo. Healing, chofufutira cha mu Snapseed, imatha koma zumani kwambiri muzichotsa pang'onopang'ono, mukangokhwatcha kamodzi pamatsala chipsera. Pomwe waya wadutsa pa njerwa ndi povuta, makamaka St Michael, tchalitchi chija njerwa zake si zofanana, zinaumbidwa mitundumitundu pomwepo nkumayalidwa mokongoletsa, app ikati ikopere njerwa za mmbali imasokoneza mapatani onse ndipo munthu wochidziwa aona msanga. Tangoganizani, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, David Clement Scott yemwe anachikonza sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, omanga ake anali anthu akonkuno, ndiye iwe ubwere ndi chala chako pa foni nkuphwanya mzere wa njerwa womwe wakhala zaka zoposa 130, ayi ndithu. Kuli bwino kusuntha mapazi, kupeza ngodya yomwe waya sakudutsa pakhoma. Mukadzapitanso mukafikenso ku Mandala House, ya 1882, khonde lake lozungulira lija mmawa limapanga mithunzi yokoma kwabasi.

Koma musadikire Blantyre kuti muphunzire, thiransipoti yadula iyi. Kwerani minibasi ya ku Dedza mutsikire pa Kamphata mulowe ku Nkhoma, mishoni ija inayamba mu 1896 ndipo nyumba zanjerwa zakale zilipo zambiri, phiri lili kumbuyo kwake, mungathere tsiku lonse mukuyeserera za makoma oongokazi. Mua nayonso, ya 1902, ngati mungapirire ulendo. Olo mu Old Town momwemu muli timashopu takale ta makonde oti anthu timangodutsa osayang'ana mmwamba. Chenjezo limodzi, pemphani kaye. Ine tsiku lina ndinangotulutsa kamera pa nyumba ina yakale mtauni muno, mlonda anandigwira chikwama nkundikhazika pa benchi pafupifupi ola lathunthu akuti ndikuchita ukazitape, mpaka ndinafufuta zonse iye akuonerera, pomwe ndikanangoyamba ndi moni bambo zikanatha bwino.

Ndipo ngati mukufunadi sitima yooneka ngati ili mu nthunzi popanda kunama, pitani June kapena July tsiku la chiperoni, chifunga cha ku Blantyre chikupatsani zonsezo mwaulere, kungoti kamera muikulunge mu jumbo isanyowe.

wa25_Nsungwi

Eee koma ndiye mwandisambitsa chokweza kkkk. Ndachekadi, zonse ndi JPEG, ndipo ISO inali pa 1600 chifukwa usiku wake ndimajambula azimayi akuphika kuseri ndiye ndinaiwala kubweza, mchenga uja ndi umenewo eti. RAW ndaika kale pompano. Madala mwana_wa_njanji, utsi ndausiya, mwandigwira mtima ndi ovolosi ija. Mwa 60 zija ndapezamo chimodzi chomwe ndinajambula pafupi, wilo limodzi ndi chitsulo chake chokha popanda thambo, chimenecho chikuoneka bho ndithu, ndachisandutsa black and white ndipo timadontho tija tikungokhala ngati ndi dala. Asisi Nachisale, Nkhoma ndipita mwezi ukatha ndikalandira. Funso lina, tripod, chokhazikapo kamera cha miyendo itatu chija, ndiyofunika kugula panopa?

kamera_ya_ku_Kawale

1600 masanasana aise, ndiye umafuna kamera itani kkkk. Tripod isiye kaye, zotchipa zimagwedera ndi kamphepo komwe, ndalamayo gula batire yachiwiri ndi memori khadi ina poti RAW imadya malo. Ukafuna pokhazika kamera thira nyemba kapena mpunga mu sokosi yakale umange kukamwa, uike pa mwala kapena pa khoma, kamera pamwamba, timer ya 2 seconds kuti chala chisaigwedeze. Ku Nkhoma ukanyamuke ndi minibasi yoyambirira, ikamakwana 9 dzuwa likhala litakwera kale. Wilo lijalo tiponyere pano tilione.