Mwana wa miyezi 8 akukana aliyense kupatula mayi ake: kodi wazolowezedwa manja?

Nabanda:
Akuluakulu ndithandizeni. Mwana amene kale ankanyamulidwa ndi aliyense, tsopano akangoona mlendo amalira n'kukakamira chitenje cha mayi ake. Agogo ake akuti wazolowezedwa manja, azisiyidwa alire. Zoona zimenezi? Nanga mayiyo akayamba ntchito zikhala bwanji?

Nangondo:
Mayi, musamusiye alire. Khanda likabadwa limaona bwino pa masentimita 20 mpaka 30, ndiye kuchokera pa bere kufika pa nkhope ya mayi. Pa masabata 6 mpaka 8 limayamba kumwetulira likamasekereredwa. Likafika miyezi 6 mpaka 9 limasiyanitsa wake ndi mlendo, ndiye kukakamirako n'chizindikiro choti mwana akukula bwino.

Mary Ainsworth, katswiri wa za kakulidwe ka ana, atafufuza ana ku Uganda mu 1954, anaona kuti mwana wodalira mayi ake ndi amene amalimba mtima kukwawira kutali kukasewera, n'kumacheuka kuona ngati mayi alipo. Kudalirako kumabwera chifukwa chomuyankha msanga akalira: kumunyamula, kumuyamwitsa, kumubereka, kumulankhula.

Phiri wa ku Dedza:
Za ntchitozo, a Nabanda, mwana amatha kukonda anthu angapo, bola asamasinthidwe. Vuto limabwera wolera akamasintha mwezi ndi mwezi, chifukwa mwana amayambiranso kuphunzira fungo, mawu ndi kanyamulidwe ka munthu watsopano.

Yambani kwatsala masabata awiri. Masiku atatu oyamba wolera azimudyetsa phala mayi ali pomwepo. Kenako mayi achoke mphindi 15, mawa lake ola limodzi, n'kumawonjezera. Pochoka amutsanzike mwachidule, nkhope ili yowala. Kuzemba mwana akuyang'ana kumbali n'kumene kumaononga: amayamba kuopa kuti mayi angasowe nthawi iliyonse, ndiye sachokanso pamwendo. Musiyireni chitenje chimene mayi anagona nacho, chosachapa, wolera azimuberekera chomwecho.

Nangondo:
Ndiwonjezere chimodzi. Mwana akapitirira miyezi 3 osamwetulira, osayang'ana munthu m'maso, kapena akafika chaka osacheuka akaitanidwa dzina, kanenedwe ku sikelo, ayesedwenso makutu. Mayi nayenso akakhala wokhumudwa kupitirira masabata awiri, osafuna kumugwira mwana, amenewo ndi matenda ochizika, apite kuchipatala. Ndipo wolera auzidwe momveka: kulira kukamukwana, amugoneke mwanayo chagada pamalo abwino n'kukaitana wina. Asamugwedeze mwamphamvu, ubongo wa khanda umavulala.