Thandizeni: mafilimu ndi ntchito zachifundo za Chiwetel Ejiofor

Abale anga okonda mafilimu, ndabwera ndi pempho. Kagulu kathu ka achinyamata tikufuna kuonera ntchito za Chiwetel Ejiofor, mkulu uja wobadwira ku London mu 1977 kwa makolo a ku Nigeria.

Ambirife tinamudziwa mu 2019 ndi The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Ejiofor ndiye analemba ndi kutsogolera filimuyo, n'kuseweranso ngati bambo Trywell, bambo ake a William. Chichewa chake chinkatuluka chopindika lilime, ena mumaseka, koma ine ndimamuvulira chipewa: anajambula kwathu konkuno, m'chiyankhulo chathu, Lily Banda ali momwemo. Ya 12 Years a Slave, ya 2013, imene anapata nayo mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA, tinaonera kale. N'njolemetsa mtima, sitibwereza.

Tikusowa za pa TV. The Shadow Line ya BBC ya 2011 ndi The Man Who Fell to Earth ya 2022 tingazipeze kuti movomerezeka? Zoika pa fulashi zija ayi, zithunzi zake zimachita chimbuuzi. Inu a ku UK, alipo ali ndi ma DVD woti angatibwereke?

China ndi ichi: Ejiofor amathandiza bungwe la GEANCO Foundation, lomwe limagwira ntchito za umoyo ndi maphunziro ku Nigeria. Amene mumalitsatira bwino, tiuzeni zimene iyeyo amachita kumeneko, chifukwa tikufuna kukambirana zimenezi filimu ikatha.

Zikomo kwambiri.