Zotsatira za minibasi yanga ija ndinaisandutsa kanyumba

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso lija lolembetsa minibasi yanga ya dizilo ya 2012 ngati "motor caravan" (galimoto yokhala ndi kanyumba kogonamo) kuno ku UK. Ndinatsatira malangizo a achimwene aja amene anati ndijambule zonse: bedi, tebulo, chitofu, makabati, mawindo. Zithunzizo ndinatumiza ku DVLA (ofesi ya boma yolembetsa magalimoto) pamodzi ndi V5C (chikalata cholembetsera galimoto), ndipo asintha, aiika pa "motor caravan". Mtima wakhala pansi.

Koma pa nkhani ya utsi palibe chasintha, injini ikadali Euro 5, mulingo wakale wa utsi umene amaulipiritsa ku London. Apa ndiye ndinadzidzimuka: galimotoyi imaposa matani 3.5, choncho ku London siilipira £12.50 ya ULEZ (chindapusa cha utsi cha magalimoto ang'onoang'ono) koma £100 patsiku ya LEZ (chindapusa cha utsi cha magalimoto akuluakulu). Musanagule galimoto yotere, onani kaye kulemera kwake pa V5C, mulowetsenso nambala yake pa webusaiti ya TfL (bungwe loona za mayendedwe ku London). Ine ndiziisiya kunja kwa London n'kukwera sitima.