Msodzi wa hernia akutsokomola: timulowetse mawa kapena adikire?

Wogonetsa odwala, Salima: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mawa tili ndi bambo wina, msodzi wa ku Senga Bay, woti achitidwe opaleshoni ya hernia, chotupa chobwera matumbo akatulukira pamalo ofooka a mnofu wa pamimba. Powafunsa koyamba anakana kuti sasuta, koma nditawagwira dzanja ndaona zala ziwiri zachita chikasu. Ndiye aulula kuti amapichira chingambwe usiku wonse ali panyanja, akuti chimathamangitsa mphepo. Akutsokomola makhololo, koma oximeter, kachipangizo ka pachala koyeza mpweya wa oxygen m'magazi, ikuwerenga 98, ngati ya munthu wabwinobwino. Ndalama yoyendera achita kubwereka, mtima wanga ukukana kuwabweza.

Mkulu wa theatre, Nkhotakota: Achimwene, 98 imeneyo isakugonetseni tulo. Utsi wa fodya uli ndi carbon monoxide, amene amakakamira ku haemoglobin, chonyamula mpweya m'magazi, kuposa oxygen maulendo oposa 200, ndipo kachipangizo ka pachala sikasiyanitsa ziwirizi. Munthu amaoneka wokhuta mpweya pomwe magazi anyamula utsi. Funso langa ndi limodzi: hernia ikubwerera mkati mukaikankha?

Wogonetsa odwala, Salima: Ikubwerera bwinobwino, sakusanza, kuchimbudzi akupita.

Mkulu wa theatre, Nkhotakota: Ndiye palibe chothamangira. A WHO ananena mu 2020 kuti wosiya fodya masabata 4 kapena kuposa opaleshoni isanachitike sakumana ndi zovuta zambiri za m'mapapo ndi za bala. Ine wosuta ndimamuopa pomudzutsa. Njira yake ya mpweya siichedwa kupsa mtima: kungochotsa tube yopumira imene timaika pakhosi pomugoneka, kholingo latseka, chifuwa chikulira ngati mluzu, suction ikungodzaza makhololo.

Nesi wa kuwodi ya abambo: Bwana anena zoona, koma inu mumasiyana naye ku recovery, chipinda chotsitsimukira opaleshoni ikatha, ife ndi amene timakhala naye. Ndinasamalapo mkulu wina amene ankazembera kuseri kwa khitchini ya ma guardian kukasuta, drip ili kumanja. Nicotine amafinya timitsempha, magazi safika mokwanira pabala. Tsiku lachisanu m'mphepete mwa bala munali mutada, ulusi ukulekana, mafinya akutuluka. Akatsokomola ankagwira pamimba ndi manja onse awiri, misozi ili mbwe. Zinandipweteka, chifukwa palibe anakhala naye pansi n'kumufotokozera.

Clinical officer, Dwangwa: Ine ndikuonako mbali ina. Msodzi mukamubweza, ambiri sabweranso mpaka matumbo atapotana, ndipo pamenepo mudzamulowetsa pakati pausiku ali ndi utsi womwewo. Bwanji osamubaya spinal, jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kumunsi kwa thupi, m'malo momugoneka? Akapanda kusuta maola 12 mpaka 24, carbon monoxide amakhala atatsika kwambiri.

Mkulu wa theatre, Nkhotakota: Spinal ndi yabwinodi kwa iyeyu, koma siichiritsa chifuwa. Adzatsokomola dokotala ali mkati mosoka, ndipo chifuwa chomwecho chidzakankha pomwe mwasokapo. Komanso spinal ikakanika mubwerera ku tube. Achimwene, chifuwachi chatha nthawi yaitali bwanji? Mwawafunsa za chamba? Kuno kwathu funso limenelo sitililumpha. Mufunsenso ngati amawamba nsomba, utsi wa nkhuni nawo umawononga mapapo.

Wogonetsa odwala, Salima: Ndangochokera kuwodi. Chamba akana, koma chifuwa chatha masabata 3, usiku amatuluka thukuta, ndipo mayi akunyumba akuti thalauza layamba kuwakhwepa. Tatumiza makhololo ku GeneXpert, makina oyezera TB, dzina tachotsa pa mndandanda wa mawa. Ndawafotokozera onse awiri kuti chotupacho chikadzauma, kuwawa n'kukana kubwerera, abwere nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Tsiku lina ndalemba mu health passport, pakatha masabata 4.

Nesi wa kuwodi ya abambo: Mwachita bwino kuwaitana mayiwo. Kathumba ka chingambwe kali ndi ndani?

Wogonetsa odwala, Salima: Asisi, mayi akamanga pansonga ya chitenje, akuti akakataya okha.