Kodi mpira woonera pa intaneti ungalowe m'malo mwa kupita kubwalo?

Wakumudzi62

Moni nonse okonda mpira wamiyendo. Ine ndimakhala ku England ndipo ndimachemerera timu yaing'ono ya m'ligi za m'munsi, ya m'tauni imene ndimagwira ntchito. Chiyambireni mwezi wa Malichi 2020, pamene masewero anaimitsidwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, pafupifupi mpira wonse tauonera pa intaneti, ndipo amene analibe tiketi ya chaka chonse ankalipira mapaundi 10 pa masewero aliwonse. Tsopano, mu 2021, zipata zayamba kutsegulidwa. Pa 15 Meyi 2021 anthu pafupifupi 20,000 analoledwa kulowa m'bwalo la Wembley kukaonera Leicester ikugonjetsa Chelsea 1-0 pa ndime yomaliza ya chikho cha FA, ndipo kuyambira pa 17 Meyi matimu analoledwa kulandira ochemerera osapitirira 10,000.

Timu yathu yayamba kugulitsa matiketi a chaka chamawa, koma anzanga ena akuntchito akuti anazolowera kuonera ali pampando kunyumba, ndipo akufuna kuti mpira wa pa intaneti upitirire ngakhale mabwalo atadzaza ngati kale. Ndikufuna ndimve maganizo anu, makamaka inu amene munali ndi chizolowezi chopita kubwalo: kodi chimene tinataya m'chaka chimenechi n'chachikulu moti munthu n'kuwonongera ndalama ndi kuika thanzi lake pachiswe?

MauleWeniweni

Achimwene, funso lanu landiseketsa pang'ono, chifukwa ife kuno ku Blantyre mpira wa ku England takhala tikuuonera pa kanema moyo wathu wonse, ndipo palibe anadandaulapo kuti sanafike ku Anfield, bwalo la Liverpool. Komabe nafenso tinataya kanthu. Munthu amene amaonera mpira m'vidiyo shoo ya ku Ndirande sakhala yekha: mumakhala mabenchi odzaza, kutentha, kunyozana kwa masapota a Arsenal ndi a Manchester United, ndiponso mnyamata wa pakhomo amene amatolera ndalama kwinaku diso lili pa chigoli. Boma litalengeza mu Malichi 2020 kuti dziko lili pangozi ndi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, ndipo mantha atakula pamene matenda anawonjezeka mu Januwale 2021, ambiri tinayamba kuonera pa foni. Apo m'pamene ndinadziwa kuti chimene ndinkalipirira chija sichinali chithunzi chokha ayi.

Pa foni mavuto ake ndi ena. Bandulo imatha masewero ali mkati, netiweki imagwa pamene wosewera akukonzekera kumenya penate, ndipo chithunzi chimachedwa moti mumamva anansi amene akumvera wailesi akukuwa kuti chalowa, inu mpira udakali pakati pa bwalo. Chimwemwe chimene mwachimva kaye kuseri kwa mpanda sichikomanso chikafika pa foni yanu.

Koma nkhani yaikulu kwa ife ndi mpira wakwathu. Ligi ya TNM imene inayenera kuyamba mu Malichi 2020 inayamba kumapeto kwa Novembala, ndipo matimu athu amadalira kwambiri ndalama za pageti. Bullets ndi Wanderers zikakumana pa Kamuzu Stadium bwalo litadzaza, amene amapindula si matimu okha: pali mayi wogulitsa mandasi, wookcha chimanga, wa minibasi ndi wogulitsa mbendera. Palibe njira imene anthu amenewa angapezere gawo lawo pa intaneti. Ndipo taganizani za pa 29 Malichi 2021, pamene Richard Mbulu anagoletsa chigoli chimene chinagonjetsa Uganda 1-0 ndi kutengera Flames ku mpikisano wa matimu a mu Africa koyamba chichokereni 2010. Ambirife tinali kunyumba, koma mpira utangotha tinathamangira kumsewu kukafuna anzathu osangalala nawo. Ine ndikuti gulani tiketiyo.

MphunzitsiWakale

Ndikufuna kuwonjezera mfundo imodzi imene anthu ambiri amaiona mopepuka, yakuti ochemerera amasintha mpira umene ukuseweredwa m'bwalomo. Mu ligi yaikulu ya ku England ya 2020/21, matimu oyenda anapambana masewero 153 pamene matimu a pakhomo anapambana 144, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chiyambireni Premier League mu 1992. Liverpool inali itasewera masewero a ligi 68 pa Anfield osagonja, kufikira pa 21 Januwale 2021 pamene Burnley inapambana 1-0 ndi penate ya Ashley Barnes, ndipo kuphatikizapo masewero amenewo inagonja kasanu ndi kamodzi motsatizana pabwalo lake lomwe. N'zoona kuti osewera ake otseka kumbuyo, monga Virgil van Dijk, anali ovulala, choncho sindinganene kuti mipando yopanda anthu ndiyo inachititsa zonsezo. Koma aliyense amene anaphunzitsapo timu, ngakhale ya pasukulu ngati ine, amadziwa kuti mwana amene watopa amapezanso mphamvu akamva anthu akutchula dzina lake, ndipo woyimbira naye ndi munthu, amaganiza kawiri asanakane penate pamaso pa khamu lolusa.

Oulutsa mpira anadziwa kuti chinachake chasowa, n'chifukwa chake anayamba kuikamo phokoso la anthu lojambulidwa kale. Ine linkandinyansa, makamaka likachedwa n'kumveka mpira utapita kale kunja. Ndinkasankha kuonera popanda phokosolo, ndipo apo ndivomereze kuti ndinapindulako: ndinkamva goloboyi akukalipira anzake, mphunzitsi akulamula wosewera kuti abwerere m'mbuyo, ngakhale kulira kwa mpira ukamenyedwa. Kwa munthu wokonda kuphunzira kaseweredwe, chaka chimenechi chinali sukulu. Ku Germany, kumene ligi inayambiranso pa 16 Meyi 2020, masapota a Borussia Mönchengladbach anaika zithunzi zawo za makatoni pamipando, koma makatoniwo sanaopseze woyimbira aliyense.

Nachisale_Manchester

Bambo Mphunzitsi, zonse mwanenazi ndazimva, koma ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kuno. Pa 11 Malichi 2020, tsiku limene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse, anthu oposa 50,000 anadzaza mu Anfield kuonera Liverpool ndi Atlético Madrid, ndipo pafupifupi 3,000 mwa iwo anachokera ku Madrid, mzinda umene matenda anali atafala kale. Milungu itatu m'mbuyo mwake, anthu zikwizikwi a mumzinda wa Bergamo ku Italy anapita ku Milan kukaonera timu yawo ya Atalanta ikusewera ndi Valencia, ndipo tonse tikudziwa maliro amene anagwa mu Bergamo pambuyo pake. Ife amene tinkavala zodzitetezera usana ndi usiku sitinaone kutseka mabwalo ngati nkhanza.

Chachiwiri, tisayankhule ngati kuti aliyense anali ndi mwayi wopita kubwalo mliri usanabwere. Kumene ndimagwira ntchito kuli agogo ena amene anachemerera timu yawo kuyambira ali anyamata, koma miyendo inawakana kalekale. Chaka chino ndi pamene anaonera masewero onse a timu yawo, atavala sikafu yawo yakale, ine nditawagwirira tabuleti chifukwa manja awo amanjenjemera. Ifenso ogwira ntchito Loweruka tinapeza mwayi womwewo. Mukatseka intaneti chifukwa choti mabwalo atsegulidwa, anthu otere mwawatsekeranso kunja.

Masapota sanakane mpira wa pa kanema, anakana kudyeredwa masuku pamutu. Mu Okutobala 2020, pamene masewero ena a Premier League anaikidwa pa mtengo wa mapaundi 14.95 kuwonjezera pa ndalama zimene anthu ankalipira kale mwezi ndi mwezi, masapota a Newcastle, Liverpool, Leeds ndi matimu ena anakana kugula ndipo ndalamazo anazipereka kumalo ogawa chakudya kwa osowa. Pofika mu Novembala dongosololo linathetsedwa. Achimwene amene mwafunsa, ngati mwabayitsa katemera kawiri pitani kubwalo, koma anzanu akuntchito aja musawaone ngati masapota abodza.

Wakumudzi62

Zikomo nonse. Mayi Nachisale, pa za katemera ndagwirizana nanu, ndipo wachiwiri ndikubayitsa ligi isanayambe mu Ogasiti. Pamene ndikusiyana nanu pang'ono ndi pa masewero a Loweruka masana. Kuno kuli lamulo la kuyambira m'zaka za m'ma 1960 loletsa kuonetsa mpira pa kanema Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, ndipo cholinga chake n'kuteteza matimu ang'onoang'ono kuti anthu asamakhale kunyumba kuonera matimu akuluakulu. Lamuloli linaimitsidwa chifukwa cha mliri basi. Matimu a Premier League amadya ndalama za makampani a kanema, koma timu ngati yathu imadalira munthu amene walipira pageti, wagula tiyi ndi buku la masewero a tsikulo. Timu yaing'ono ya Bury inachotsedwa mu ligi mu Ogasiti 2019 mliri usanafike n'komwe, ndipo Macclesfield Town inathetsedwa ndi khoti mu Seputembala 2020 chifukwa cha ngongole. Banja la anthu anayi likaonera pa intaneti m'nthawi ya mliri linkalipira mapaundi 10 onse pamodzi, pamene kubwalo aliyense akanagula tiketi yakeyake. Ndingakonde kuti masewero a pakati pa sabata ndi oyenda kutali apitirire kuonetsedwa, ndiponso kuti okalamba ndi olumala apatsidwe njira yawoyawo yoonerera a Loweruka. Pa msonkhano wa masapota mwezi wamawa ndikapereka maganizo amenewa kwa akuluakulu a timu yathu.