Mfuti yakale ya mipope ya Damascus: ndiikemo wonga wanji?

aPhiri, Rosettenville:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mfutiyi ndi 12 bore ya mipope iwiri, mahamala ake ali kunja. Mipope ili ndi maluwa opotana aja a Damascus, ndipo kunsi kwake kudadindidwa NOT FOR BALL. Kodi makatiriji a 70mm a m'sitolo ndingawombere, kapena ndizidzaza ndekha?

aMbewe, Germiston:
Achimwene, kulowa angalowe, koma musayerekeze kuwomba. Chidindo chimenecho chinkagwira ntchito ku England kuyambira 1875 mpaka 1887, pamene mfuti zinkayesedwa ndi wonga wakuda. Ngati palibe chidindo cha NP kapena BNP, ndiye kuti sidayesedwepo ndi wonga wamakono wopanda utsi. Chemba (malo olowa katiriji kumbuyo kwa mpope) ya mfuti zachingerezi za nyengo imeneyo kawirikawiri ndi 65mm, yofupikira makatiriji anu a 70mm.

Damascus ndi timizere tachitsulo topota n'kusula pamodzi. Dzimbiri limalowa molumikiziramo, kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo mpope ukaphulika dzanja lamanzere limakhala lili pomwepo. Choncho yambani mwapita kwa mmisiri wa mfuti. Ayeze chemba, kukula kwa bowo (12 bore yeniyeni ndi 18.5mm), ndi kukhuthala kwa khoma la mpope. Khoma likatsika pa 0.5mm, ipachikeni pakhoma basi. Kunyumba mutha kuchotsa mipope, kuilendewetsa n'kuigogoda ndi chikhadabo. Ikalira ngati belu ndi bwino, ikangoti phu ndiye kuti nthiti yapakati yamasuka. Koma kulira bwino sikulowa m'malo mwa muyezo wa mmisiri.

aNgozo, Benoni:
Mmisiri akavomera, dzazani chonchi. Chikhokhombe chikhale cha 65mm, makamaka chapepala. Wonga wakuda wa FFg (chizindikiro cha kukula kwa timibulu ta wongawo) magireni 75 (gireni ndi kamuyezo kakang'ono, si galamu), pamwamba pake katoni yolimba ya 3mm yokanikizidwa bwino, kenako wadi (chotsekera cha pakati pa wonga ndi machaka) ya faiba, machaka a mtovu magalamu 28, katoni yopyapyala, n'kupinda mlomo. Pakati pa wonga ndi katoni pasatsale mpata, chifukwa mpweya wotsalira umatupitsa chemba. Wadi yapulasitiki imasungunuka n'kumata mumpope. Machaka achitsulo ayi ndithu.

Chimene chimaduladi anthu zala n'kutunga wonga wopanda utsi ndi muyezo wa wonga wakuda. Mlingo wofananawo mphamvu yake ndi yoposa kutalitali. Muyezo wanu ukhale wamkuwa, osati wachitsulo chothetheka moto, ndipo patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha, chotseka. Fodya kutali.

aBanda, Turffontein:
Musaiwale za boma, bambo. Ukale wa mfuti sukuchotserani laisensi. Pa Firearms Control Act 60 ya 2000, yotsekula kumbuyo ngati iyi imafuna laisensi ya SAPS (apolisi a ku South Africa) monga mfuti ina iliyonse, ndipo mumaloledwa kudzazira yokhayo imene muli nayo laisensi. Malire ndi makatiriji 200 ndi mapulaima (tizipewa toyatsa wonga kumbuyo kwa katiriji) 2400 pa mfuti imodzi, pokhapokha ngati mudalembetsa monga mlenje kapena wamasewero wodzipereka. Wonga wakuda uli pansi pa lamulo la zophulika, ndiye funsani za pemiti yake musanagule.

aMbewe, Germiston:
Ndiwonjezere za kutsuka. Mwaye wa wonga wakuda umakoka chinyontho, makamaka nyengo ya mvula ku Gauteng. Tsiku lomwelo thirani madzi otentha a sopo m'mipope, pukutani mpaka kansalu katuluke koyera, iume, ndiye pakani mafuta. Pakapita masiku awiri suzumiraninso. Ndipo katiriji ikalira mofooka, tsekulani muone mumpope musanaike ina, mwina wadi yatsakamira pakati.