"Mutu ukakula sulewa nkhonya": amalume amatanthauzanji kwa ofisala watsopano?

Nangondo: Abale, ndithandizeni. Mlongo wanga watsiriza maphunziro a uofisala ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, pano ndi Second Lieutenant, udindo woyambira wa uofisala. Paphwando kumudzi amalume anaimirira n'kunena kuti, "Mphwanga, nyenyezi yafika paphewa, koma mutu ukakula sulewa nkhonya." Anthu m'manja phuphuphu. Ine zinandimvekera ngati akumunyoza mwana pa tsiku lake. Kodi si mwambi wodzudzula odzikuza umenewu?

Wa ku Ntakataka: Ndi womwewo, mayi. Mutu waukulu ndi matama. Amalumewo amamuchenjeza kuti akayamba kuyenda ngati dziko ndi lake, adzaona zakuda.

Mdzukulu wa Keyala: Ayi achimwene. Agogo anga aakazi ankaunena mwambiwu uku akupeta chimanga, anthu akabwera usiku kudzadzutsa agogo aamuna pa nkhani ya maliro kapena mlandu wa malire a munda. Agogo aamunawo anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ali mu King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda lomwe tinkalitchula kuti Keyala, ndipo atabwerako mudzi wonse unkatula mavuto pakhonde pawo. Matama analibe ngakhale pang'ono. Ankangodzuka, kuvala chikhoti chawo cha usilikali, ulendo.

Wa ku Ntakataka: Agogo anuwo anali ofisala? Nthawi ya Keyala maofisala anali azungu, athu ankathera pa usajeni meja. Mwambiwu ndi wa odzikuza basi.

Sajeni Wopuma: Zoti maofisala anali azungu n'zoona, koma asilikali akafuna kudandaula za chakudya kapena tchuthi ankathamangira kwa sajeni mejayo, ndipo bwana akakwiya ankayambira kukalipira yemweyo. Nkhonya za mbali zonse ziwiri. Lero mlongo wa Nangondoyu amupatsa platuni ya anthu pafupifupi 30, ena amsinkhu wa bambo ake. Mmodzi akataya mfuti, woyamba kufunsidwa ndi iye. Pa chakudya adye pomaliza. Ngakhale ku Sandhurst ku Britain, komwe maofisala athu ena anaphunzira, amawasula masabata 44 pansi pa mawu akuti "Serve to Lead", kuti utsogolere uyambe watumikira. Amalumewo anamudalitsa mwanayo.

Anaphiri a ku Joni: Mwandikumbutsa agogo anga a ku Zomba. Tikamadutsa pa chipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks ankatiletsa kuseka, ati pamenepo pali maina a anthu amene sanabwerere. Mwambiwu ankawauza amayi anga monga mwana woyamba, fizi ya ang'ono awo ikasowa.

Wa ku Ntakataka: Nanga bwanji akuti "mutu" osati "phewa"? Katundu timasenza pamutu, inde, koma apa akunena nkhonya. Munthu wabwino amamenyedwa nkhonya chifukwa chiyani?

Sajeni Wopuma: Kafunseni amene anali ku Moyale mu 1940, pamalire a Kenya ndi Ethiopia, ngati zipolopolo za Ataliyana zinkasankha odzikuza okha. Koma ana a masiku ano akamva Moyale amangodziwa baraki ya ku Mzuzu ndi timu ya mpira.

Mdzukulu wa Keyala: Eee, musayambe za ana a masiku ano. Wanga ndinamuuza mwambi womwewu atasankhidwa kukhala hedi boyi, iye n'kundiyankha kuti, "Zili bho madala, ndilibe ma issue ndi aliyense."

Anaphiri a ku Joni: Kkkk anuwo bola amayankha m'Chichewa chosakaniza. Kuno wanga anafunsa ngati "kulewa" ndi kuledzera.

Wa ku Ntakataka: Sekani, koma kwathu mwambiwu timauza munthu wamatama, ndipo agogo anga sanali opusa.

Nangondo: Ndiye ndiwaimbire amalume ndiwafunse okha?

Sajeni Wopuma: Musavutike, adzakuyankhani ndi mwambi wina.